Utsi wa pachigayo cha amalume ndi zaka zomwe tinkafuna kulima dizilo

Abale anga, Loweruka lapitali ndazula zitsa zomaliza za msatsimanga zomwe zidatsala m'malire mwa munda wanga wakumtunda. Ndikufuna pakhale nsenjere za ng'ombe. Chitsiriza wanga, yemwe amandithandiza kukumba, adandifunsa kuti, "Ababa, mtengo wosadyedwa, mbuzi siziufuna, nkhuni zake sizigwira moto, mudaubzaliranji?" Ndidamuyankha kuti tinkalima dizilo. Mwana adaseka mpaka kusiya khasu, ankayesa ndikucheza.

Sindinkacheza ayi. Ndiye lero ndati ndilembe nkhani yonse, chifukwa ana obadwa pambuyo pa 2010 saidziwa, komanso chifukwa nthawi iliyonse mizere ikabwerera pamafilingi siteshoni, ndimamva anthu pamsika pa Chimbiya akunena kuti tikadalimbikira mafuta a zomera aja bwenzi mavuto atatha, ndipo bwenzi malole okwera mtunda pa M1 pano sakutisanzira utsi wakuda. Theka la mawuwo ndi loona. Theka linalo ndi limene ndikufuna tikambirane. Nkhani ndi yaitali, ofulumira mudzawerenge madzulo.

Ndiyambire pachigayo, poti ine za injini ndidaziphunzirira pamenepo.

Matipate atangoyamba, amalume anga adagulitsa ng'ombe ndi fodya nagula chigayo cha dizilo. Mudzi wathu uli mkati, kutali ndi msewu waukulu, ndipo mapolo a magetsi sadafikeko. Injini yake inali ya silinda imodzi, yolizira handulo, madzi oziziritsira ali mu mgolo pambali. Nyumba yake inali ya njerwa zootcha, malata otsika, kawindo kamodzi. Ikalira, thu thu thu thu, ankaimva a tsidya la dambo, amayi n'kuyamba kusenza madengu. Paipi ya utsi poyamba inkatulukira kunja, koma dzimbiri litaidya idathothoka, n'kutsala kachidutswa kothera mkati momwemo pansi pa malata. Palibe adaona kuti ndi vuto. M'mwezi wa Juni, paja mukudziwa chisanu cha kuno, amayi ankalowa mkati ana ali kumsana, kukhala pafupi ndi injini kuti afundidwe podikira mzere. Ine ndinkathandiza kuthira chimanga. Madzulo tsitsi lili mbuu ndi ufa, koma ukamina, zotuluka m'mphuno zili bii.

Amalume ankawerenga utsi ngati kalata. Ukakhala wakuda ankati injini yalemedwa kapena ikubanika, n'kuchepetsa chimanga cholowa kapena kukung'untha sefa ya mpweya yomwe inkatsekeka ndi fumbi la ufa. Ukakhala wobiriwira ngati thambo ankati ikudya oyilo, maring'i atha. Ukakhala woyera m'mawa ankati mafuta sakupsa, injini ikadali yozizira. Sadapite patali ndi sukulu koma pa zitatu izi sankalakwa, ndipo amakaniko mpaka lero amanena zomwezo.

Chifukwa chake n'chakuti injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri, kenako nozulo imapopera mafuta ngati nkhungu, mafutawo n'kuyaka okha. Kadontho kalikonse kamafuna mpweya wokwanira kuti kapse konse. Kakaperewera mpweya, kamasanduka mwaye. Mwaye umenewo ndiwo utsi wakuda. Sungani mfundo imeneyi, tiibwerera.

Tsono ganizo loti injini imwe mafuta a zomera si la dzulo. Mwini dzinali, Rudolf Diesel wa ku Germany, adaonetsa injini yake yoyamba yogwira bwino ntchito mu 1897 mumzinda wa Augsburg. Patangopita zaka zitatu, pachionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, injini ina yamtunduwu idayenda ndi mafuta a mtedza. Inde, mtedza womwewu timasinjira m'ndiwo. Boma la France ndilo linkafuna kuona ngati zingatheke, poganizira maiko a mu Africa omwe linkawalamulira, komwe mtedza unkalimidwa kwambiri koma mafuta okumba pansi ankachita kuchokera kutali. Zidatheka, koma mafuta okumba adatchipa kwambiri moti nkhaniyo idagona. Mu 1937 katswiri wina wa ku Belgium, Chavanne, adalembetsa njira yosungunulira mafuta a kanjedza ndi mowa waukali kuti apepuke ngati dizilo, ndipo mu 1938 basi idayendadi ndi mafutawo pakati pa Brussels ndi Leuven. Amenewo ndiwo makolo a chimene lero chikutchedwa biodiesel.

Ife a Malawi pankhani ya mafuta olima sitidachedwe. Mu 1982 fakitale ya ethanol idayamba ntchito ku Dwangwa, kupanga mowa wothira mu petulo kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mu 2004 PressCane idatsegula ina ku Chikwawa. Nthawi ya Dwangwayo mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse, ndipo njira zathu za ku Beira ndi ku Nacala zinkalowa m'mavuto ndi nkhondo ya ku Mozambique. Ife a ku Dedza nkhondo imeneyo timaikumbuka bwino, othawa kwawo tidakhala nawo m'midzi yathu. Koma ethanol ndi wa petulo. Malole, mathirakitala, zigayo ndi majenereta akuluakulu zidatsalabe pa dizilo wogula kunja ndi ndalama yakunja.

Ndiye kudabwera msatsimanga. Mtengowu tinali nawo kale, makamaka kumalo otentha, anthu ankaubzala ngati mpanda poti ziweto siziudya. Cha m'ma 2005 dziko lonse lidayamba kuutchula ndi dzina lake lachizungu, jatropha. Ankati umamera pouma, pamchenga, pogwa mvula yochepa, sulanda malo a chimanga, ndipo njere zake zili ndi mafuta oyendetsa injini. Mtengo wa mafuta padziko unkakwera chaka ndi chaka mpaka mu Julayi 2008 mgolo umodzi udafika madola 147. Makampani a ku Ulaya adathamangira ku Africa ndi ku India. Mu 2007 BP idagwirizana ndi kampani ya D1 Oils kuti abzale jatropha m'maiko ambiri. Ku Mozambique pulezidenti Armando Guebuza ankalimbikitsa alimi kuti aubzale. Ku Zimbabwe, chakumapeto kwa 2007, adatsegula fakitale ya biodiesel ku Mount Hampden pafupi ndi Harare. Kuno kwathu kampani ya Bio Energy Resources Limited, yomwe anthu ankangoti BERL, idakhazikitsidwa mu 2006, idalemba alimi masauzande ambiri kuti abzale mtengowu m'malire mwa minda, ndipo idamanga fakitale yofinyira njere ku Lilongwe. Cholinga chawo chinali kusakaniza mafuta ofinyidwawo ndi dizilo pang'ono chabe, osapyola 9 peresenti. Pa 30 Disembala 2008 ndege ya Air New Zealand idauluka poyeserera, injini yake imodzi ikumwa mafuta osakaniza theka ndi theka ndi a jatropha, ndipo njere zina zidachokera ku Malawi konkuno. Tangoganizani mlimi wa pa Chimbiya kumva pawailesi kuti mpanda wa khola ukuulutsa ndege. Ndani akadakhala chete?

Ine palibe adandilemba, palibe adandilonjeza kanthu. Ndidadzituma ndekha. Ndidatsika chitunda kupita kwa alamu anga ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja, komwe msatsimanga umabereka mpaka nthambi kuwerama. Ndidabwerako ndi kathumba ka njere, n'kubzala kuzungulira munda wonse. Safunsa adadya phula. Sindidafunse kuti mtengo wa kotentha ukhala bwanji kuno kumapiri komwe Juni ndi Julayi timagona ndi mabulangete awiri. Udamera ndithu, sudafe, koma unkakula mwaulesi. Chisanu chikangoyamba masamba onse ankayoyoka, n'kutsala timitengo tili njo. Zipatso zinkabwera zochepa, zosapsa pamodzi, moti umayenera kubwererabwerera pamtengo womwewo, nthawi yomweyo nyemba, chimanga ndi mbatata ya kachewere zikukudikira. Ndipo kuti upeze lita imodzi ya mafuta pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a njere zouma. Chaka changa chabwino koposa sindidadzaze ndowa ziwiri. Tsiku lina ana a pafupi adatola njerezo n'kutafuna poti zimakoma ngati mtedza, adasanza ndi kutsegula m'mimba usiku wonse. Mwayi onse adachira. Kuyambira pamenepo mayi akunyumba adauda mtengowo.

Sindinali ndekha. Padziko lonse anthu adazindikira mochedwa kuti kusafa ndi kubereka n'zosiyana. Jatropha amapirira pouma, koma kuti abereke zambiri amafuna mvula ndi nthaka yabwino ngati mbewu ina iliyonse. BP idatuluka mumgwirizano uja mu 2009. Kampani ya Sun Biofuels, yomwe inali ndi minda ikuluikulu ku Chimoio ku Mozambique ndi ku Kisarawe ku Tanzania, idagwa mu 2011.

Chodabwitsa n'chakuti 2011 yomweyo ndi pamene mafutawo tidawafuna koposa. Mukukumbuka. Ndalama yakunja idasowa, mafuta adasowa, galimoto zinkagona pamizere masiku, zigubu zili ndondondo, ndipo pa 20 Julayi anthu adachita zionetsero m'mizinda, ena n'kutaya miyoyo. Kumudzi kuno tanthauzo lake linali limodzi, chigayo chikaima amayi abwerera ku mtondo. Dizilo ankapezeka wa m'zigubu pamtengo wolira nawo, winanso wothira parafini.

Apa ndi pamene ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, tidachita zanzeru zathu. Tidati ngati mtedza udayendetsa injini ku Paris, bwanji ife? Tidatenga njere zanga zija n'kukafinyitsa, tidapeza malita ochepa. Tidapita kwa anyamata a ziwaya pa Chimbiya. Paja a chipisi sataya mafuta, amangoonjezera, koma tidawanyengerera natigulitsa akuda otsalira pansi aja. Tidasefa pansalu kawiri, n'kusakaniza ndi dizilo wochepa yemwe tinali naye, pafupifupi theka ndi theka. Amalume, omwe nthawiyo anali atayamba kale kufooka, adangoti, "Injiniyo ndi yanu tsopano, koma muzimvera kalilidwe kake."

Idalira! Abale, tsiku limenelo tidadziona ngati akatswiri. Utsi wakuda uja udachepa, ndipo m'chigayo monse mudadzaza fungo la chipisi. Amayi ankatiseka kuti, "Kodi mwayamba kukazinga? Tipatseniko za K50." Uthenga udafala kuti pachigayo cha amalume pali utsi wabwino, wonunkhira. Ine ndemwe ndinkauza anthu kuti utsi uwu ndi wa chakudya, sungapweteke munthu.

Patapita masabata angapo zinthu zidatembenuka. M'mawa mozizira mafuta mu thanki ankalemera ngati uchi. Kupukusa handulo mpaka mapewa kuwawa, injini n'kumangotsokomola utsi woyera wowawa m'maso, wokanda kukhosi, ana n'kumalira. Mphamvu idachepa, lamba ankangozungulira mwaulesi, mgaiwa n'kumatuluka wokhakhala. Kenako idaima. Makaniko yemwe tidamuitana kuchokera ku boma atamasula nozulo adationetsa kumapeto kwake kutamera chikhungwa chakuda cholimba ngati makala. Oyilo wa mu injini anali atasanduka phala. Adatifunsa kuti, "Mwaimwetsa chiyani?" Titamuuza adangopukusa mutu. Ndalama yomwe tidapulumutsa pa dizilo idathera pa nozulo yatsopano, sefa, oyilo ndi ulendo wake.

Yemwe adandimasulira bwino zomwe zidachitikazo ndi mwana wa mlongo wanga, amene adaphunzira ku Bunda. Mawu ake oyamba adali akuti, "Amalume, zomwe mudathirazo si biodiesel." Mafuta a zomera ongofinya ndi olemera kuposa dizilo pafupifupi kakhumi. Nozulo siingawapopere ngati nkhungu, amatuluka madontho akuluakulu omwe sapsa onse. Otsalawo amamatirira pa nozulo, ena amatsikira mu oyilo, ena amatuluka ngati utsi woyera uja. Kuwawa m'maso kuja ndi komwe mumamva mafuta akapserera pachiwaya. Amene amayendetsa injini ndi mafuta osaphikawa mwadongosolo amakhala ndi mathanki awiri, amaliza ndi dizilo, injini ikatentha n'kusinthira ku mafuta a zomera omwe awatenthetsa kale, ndipo asanazimitse amabwerera ku dizilo kuti mapaipi atsukike. Kapena amathira ochepa kwambiri, n'chifukwa chake a BERL aja sankafuna kupyola 9 peresenti. Ife tidathira theka, m'chisanu cha Dedza.

Biodiesel weniweni amachita kuphika. Amatenga mafuta a zomera, kuwasakaniza ndi mowa wa methanol ndi soda waukali yemwe amapangira sopo. Mafutawo amagawikana pawiri. Pansi pamakhazikika gilisalini, mtundu wa uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola, kungoti uyu amakhala wakuda wosayeretsa. Pamwamba pamatsala mafuta opepuka oyandikira dizilo. Amenewo amawatsuka, kuwaumitsa, ndiye n'kukhala biodiesel. Akalemba B20 ndiye kuti magawo 20 pa 100 ndi biodiesel, otsalawo ndi dizilo wamba. B100 ndi biodiesel yekhayekha. Methanol ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha, choncho pasapezeke wina woyesera zimenezi kukhitchini.

Nanga utsi wake? Apa ndi pamene pali theka loona lija. Kumbukirani kuti mwaye umabwera mafuta akaperewera mpweya. Biodiesel amabwera ndi okosijeni wakewake mkati, pafupifupi 11 peresenti ya kulemera kwake, pomwe dizilo wamba alibe. Ndiye amapsa bwinoko. Alibenso sulufule, yemwe mu dizilo wokumba amaonjezera kuipa kwa utsi. Mu 2002 bungwe loona zachilengedwe la boma la America, EPA, lidasonkhanitsa zotsatira za kuyesa injini zambiri za malole. Lidapeza kuti pa B20 mwaye umatsika ndi 10 peresenti, mpweya wakupha uja wa carbon monoxide ndi 11 peresenti, ndipo mafuta otuluka osapsa ndi 21 peresenti. Pa B100 mwaye ndi carbon monoxide zimatsika pafupifupi ndi theka, mafuta osapsa ndi magawo awiri mwa atatu. Zimenezo si zochepa. Lole yokwera mtunda ndi B100 ikadatisanzira mwaye wocheperadi.

Koma pamndandanda womwewo pali chimodzi chomwe sichitsika, chimakwera. Amachitcha NOx. Mumpweya womwe timapumawu, gawo lalikulu ndi nayitirojeni. Mu silinda mukatentha kwambiri, nayitirojeniyo amagwirana ndi okosijeni n'kupanga mpweya wolusa womwe umatupitsa njira za m'mapapo ndi kudzutsa mphumu. Potuluka mu paipi suoneka ndi maso. EPA idapeza kuti pa B20 umakwera ndi 2 peresenti, pa B100 ndi 10 peresenti. Ndiye kuti moto ukapsa bwino, chakuda chimachepa, chosaoneka chija chimatsala, mwinanso kuonjezekera. Ndipo kutsika ndi theka si kutha. Theka la mwaye likadalipo, tizidutswa tating'onoting'ono tolowa mpaka pansi pa mapapo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuti muone kuti chosaonekacho n'chachikulu, mu 2015 kampani ya Volkswagen idagwidwa ku America itaika pulogalamu ya kompyuta m'galimoto zake za dizilo yoti zizionetsa NOx wochepa pokhapokha zikamayesedwa. Galimotozo zinali zatsopano, zonyezimira, paipi yake yosatulutsa chakuda chilichonse, koma pamsewu zinkatulutsa mpweyawu kuchulukitsa kambirimbiri kuposa malire a lamulo. Maso sathandiza pa nkhani imeneyi.

Palinso mfundo ina yomwe azungu ankaikonda kwambiri pa jatropha, ya kusintha kwa nyengo. Mpweya wa carbon dioxide wotuluka mu paipi ndi wofanana ndithu, kaya mwathira dizilo kaya biodiesel. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo umayamba wakoka mpweyawo m'mlengalenga pokula, ndiye ukapsa umangobweza zomwe udatenga, pomwe mafuta okumba amatulutsa zomwe zidakwiririka kalekale. Phindu limenelo ndi la dziko lonse, ndipo ndi lenileni bola ngati sadagwetse nkhalango kuti abzale mbewuyo. Koma mayi wokhala pafupi ndi injini mwana ali kumsana, phindu limenelo silimufika m'mapapo.

Chaka chotsatira, mu Juni 2012, bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa yomwe ili ku Lyon ku France, lidalengeza kuti utsi wa injini za dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo, n'kuuika m'gulu loyamba limodzi ndi utsi wa fodya. Umboni waukulu udachokera kwa anthu ogwira ntchito m'migodi ya pansi pa nthaka ku America, komwe makina a dizilo amalira m'malo otsekeka. Nditamva zimenezi maganizo anga sadapite ku malole a pa M1 ayi. Lole imadutsa, mphepo n'kumwaza. Ndidaganiza za nyumba ya njerwa ya kawindo kamodzi, paipi yothera pansi pa malata, ndi munthu woima mmenemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, zaka pafupifupi makumi awiri.

Amalume zaka zawo zomaliza ankapuma ngati akwera phiri la Dedza pomwe angochoka pakhonde kupita kuseri. Usiku ankagona chokhala. Kuchipatala adawafunsa za fodya, iwo n'kuvomera kuti chingambwe ankasuta ali mnyamata. Adawafunsa za ntchito, atatchula chigayo dokotala adafunsanso za fumbi la ufa ndi komwe utsi wa injini unkatulukira. Msuweni wanga, yemwe adawaperekeza, akuti adangoyang'ana pansi. Fodya, fumbi la ufa, utsi wa nkhuni ndi utsi wa injini, zonse zidalowa m'chifuwa chimodzi. Mwa zinayizo, chosavuta kuchichotsa chinali cha injini, ndipo n'chimene tidachisiya zaka zonsezo. Adatisiya chisanu chisanathe.

Chimandiwawa n'chakuti ine ndidathera zaka ndikuthirira mpanda, kutola njere, kusefa mafuta a ziwaya, kufuna kusintha zolowa mu injini, osayang'ana komwe zotuluka zikupita. Titachoka pamaliro tidapita kwa wowotcherera zitsulo pa Chimbiya. Adatipangira paipi yokhala ndi chigongono, tidaboola khoma lakumbuyo, paipiyo n'kukwera kupyola denga. Tidayang'ana komwe mphepo ya mwera imachokera kuti utsi uzipita kutchire osati pabwalo. Tidagumula njerwa zingapo pamwamba pa makoma awiri kuti mpweya uzidutsa. Tidamanga kachisakasa panja ndi benchi kuti odikira asamalowe mkati, makamaka a ana. Poyamba amayi ankadandaula kuti tawachotsa pofunda, pano adazolowera. Sefa ya mpweya msuweni amaikung'untha tsiku lililonse, ndipo salola kukakamiza chimanga mpaka injini kuchita chakuda. Zonsezi pamodzi sizidafike pa ndalama yomwe tidalipira pokonza nozulo ija. Kangaude wa kudenga yemwe anali wakuda bii tsopano ndi woyera ndi ufa basi.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza biodiesel. Dziko lopanda doko ngati lathu, lomwe dizilo wake amabwera pa matankala kuchokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo mu Novembala 2023 kwacha itagwa adafika K2,734 pa lita, liyenera kuganizira njira iliyonse. Brazil ndi Indonesia amasakaniza biodiesel mu dizilo wawo mwalamulo, a ku Brazil makamaka wa soya, a ku Indonesia wa kanjedza, ndipo malole awo akuyenda. Koma kuno mafuta a soya, mpendadzuwa ndi mtedza m'golosale amadula kuposa dizilo, ndipo mabanja ambiri amagula a m'timapepala ta madontho. Kuwathira mu injini kungakhale kulanda ndiwo za ana. Biodiesel amakhalanso ndi mphamvu yocheperapo pang'ono pa lita, amalimba msanga kukazizira, amatafuna mapaipi akale a labala, ndipo masiku oyamba amakokolola litsiro la mu thanki n'kutseka sefa. Zonsezi zili ndi njira zake, koma zimafuna fakitale, muyezo ndi woyang'anira, osati nsalu yosefera ndi chigubu.

Tsono tsiku lina akadzabwera wina ndi mbewu yatsopano yoti tilime mafuta, ine ndidzafunsa zitatu ndisanagwire khasu. Kodi mbewuyo idayesedwa pa chisanu ngati chathu kuno, kapena ku Salima kokha? Kodi pa kilogalamu ndidzalandira zingati ndikayerekeza ndi tsiku lomwelo nditalipereka ku mbatata kapena nyemba? Ndipo mafutawo adzaphikidwa kuti, ndani adzawayeza asanafike mu injini ya munthu? Akadzanena kuti utsi wake ndi wabwino, ndidzawauza kuti wachepako, inde, koma ndi utsibe.

Zitsa zija ndaziunjika pachulu kuti ziume. Chitsiriza akufuna tisiyeko chimodzi kuti anzake akamakana kuti bambo ake ankalima dizilo aziwaonetsa. Ndamulola, bola chikhale kutali ndi ana aang'ono.

Inu amene kwanu kudakali chigayo cha dizilo, kapena jenereta yolira m'kachipinda kuseri kwa golosale, kapena pampu yothirira dimba yomwe mumaisunga m'kanyumba kuopa akuba, mawa mukapite mukayang'ane chinthu chimodzi chokha, paipi ya utsi ikuthera pati. Ngati ikuthera mkati, muuzeni mwiniwake mwaulemu, ndipo mwana akhale panja. Mundiuzeko zomwe mwapeza. Sabata yamawa tikambirana za mtengo wa mbewu ya kachewere, poti nawonso wayamba misala.